Firiji ikapsa ku Chadiza, galanti ithandiza yani?

Chiyambire chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima tsiku lonse n'kubwera pakati pa usiku, malonda a zoziziritsa asintha m'boma la Chadiza. Ena athamangira mafiriji a sola ndi majenereta, ena akadali kulira mafiriji amene anapsa nthawi imeneyo. Dzuwa la Okutobala likayamba kuswa mtengo, funso lomwe limamveka pamsika ndi lakuti: bwanji amalonda osagwirizana n'kumakaoda katunduyu pamodzi?

Firiji imayenda ulendo wautali isanafike kuno. Zambiri zimachokera ku China ndi ku South Africa, n'kutsikira kwa ogulitsa mopikulitsa a ku Lusaka. Kuchoka uko zimayenda makilomita oposa 500 pa Great East Road kufika ku Chipata, kenaka zimakwera kalole kolowera ku Chadiza, zitamangidwa ndi zingwe pamwamba pa matumba a feteleza ndi makatoni a sopo.

Pafupi ndi msika wa pa boma pali mayi wina wa kashopu ka chipinda chimodzi. Firiji yake yaikulu, ija yotsegukira m'mwamba, anaigula ku Chipata ndi ndalama za chilimba, ataonjezerapo za soya. Inkasunga nkhuku zosadzula, nsomba, maheu ndi timapaketi ta madzi oundana ta ana asukulu. Usiku wina magetsi atabwera mwamphamvu, kompuresa inalira pang'ono n'kukhala chete. Pofika madzulo a tsiku lotsatira nkhuku zinali zitayamba fungo, ndipo anazigulitsa motaya kwa ootcha nyama. Lero firijiyo ili pomwepo, yoyera bwino, mapulasitiki a kufakitale akadali m'mbali mwake. Pamwamba anayalapo chitenje n'kuikapo sikelo ndi mabotolo a mafuta ophikira, mkatimo amasungamo shuga kuti nyerere zisalowe. Pepala la galanti analikulunga m'jumbo n'kuliika m'Baibulo. Ataimba foni kumene anagula, anamuuza kuti atumize firijiyo ku Chipata, ndipo iwo akaitumiza ku Lusaka kuti akaione. Atawerengera ndalama ya galimoto, kupita ndi kubwera, komanso miyezi yodikira, anangoisiya.

Mkangano wagona pamenepa. Ogulitsa mopikulitsa amati galanti ndi ya vuto lochokera kufakitale, osati la magetsi obwera modumphadumpha, ndipo wogula amayenera kuikapo kachipangizo koteteza firiji, kamene kamadikira mphindi zingapo magetsi akabwera kasanalole kompuresa kuyamba. Amalonda a ku Chadiza amayankha kuti palibe amawauza zimenezi pogula, ndipo amene amaweruza kuti kompuresa yapsa ndi magetsi kapena inali yofooka kale ndi makaniko wa wogulitsa yemweyo. Lamulo la mpikisano pa malonda ndi kuteteza ogula la 2010 limaletsa kupachika chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndiponso limati wogulitsa katundu woonongeka abweze ndalama kapena apereke wina. Koma lamulolo silinyamula firiji kuchoka ku Chadiza kupita ku Lusaka.

N'chifukwa chake ena akufuna bungwe la amalonda lokhala ndi mano. Akuti anthu khumi akaoda pamodzi amadzaza lole imodzi, mtengo wonyamulira umatsika, ndipo wogulitsa amene akudziwa kuti akakana kubweza firiji imodzi ataya makasitomala onsewo amalankhula mofatsa. Bungwe lingathe kupempha kuti firiji iliyonse izibwera ndi choteteza chake, kuti makompuresa osinthira azisungidwa ku Chipata, ndiponso kuti makaniko amene mbali zonse ziwiri zimamukhulupirira aziona vutolo konkuno.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo zolemera. Wa kantemba amene amagula firiji imodzi pa zaka zisanu amafunsa kuti azisonkha mwezi ndi mwezi chifukwa chiyani. Ena amaopa kuti eni mashopu akuluakulu ndiwo adzakhale pampando, n'kusankha wogulitsa mmodzi amene amawapatsa kangachepe kuseri, kenaka n'kugwirizana mitengo yoti aliyense azigulitsira. Lamulo lomwe lija la 2010 limaletsa amalonda opikisana kupangana mitengo, ngakhale atachitira m'dzina la bungwe. Mantha awa ndi omveka, koma mankhwala ake ndi mabuku a ndalama oonekera kwa aliyense ndi masankho a chaka ndi chaka. Kusiya mayi uja alimbane yekha ndi kampani ya ku Lusaka pa foni sikuteteza wamalonda wamng'ono aliyense.

Palinso nkhani ya gasi, imene bungwe lotere silingaithawe. Mafiriji ambiri atsopano amayendera R600a, gasi amene amayaka moto, pomwe akale ambiri ndi a R134a. Ziwirizi sizisakanizidwa, ndipo makaniko wophunzirira pamsewu akathira gasi wolakwika kapena wachinyengo, kompuresa imafa msanga ndipo galanti imathera pomwepo. Gulu logula gasi kwa wogulitsa wodziwika, ndi kutumiza anyamata ake kukaphunzira ntchitoyi, lingapulumutse mafiriji ambiri kuposa amene lingabweze kwa ogulitsa.

Kumidzi yakutali ndi mawaya a magetsi zinthu zikuyenda mwa njira ina. Ogulitsa sola amafika okha pa njinga zamoto, amasiya katundu pangongole, munthu n'kumalipira pang'onopang'ono kudzera pa foni. Amenewa sadutsa kwa wopikulitsa wa ku Chipata, ndipo chipangizo chikavuta amene amaimbiridwa ndi mnyamata yemwe anachibweretsa, ngati akadali pa ntchitoyo.