Kodi Akuimba Ndani, Mnyamata Kapena Limba?

Pa Sabata lina ndinapembedza pa mpingo wina kufupi ndi Furancungo, likulu la boma la Macanga. Kwaya ya achinyamata inaimba mokoma, ng'oma, gitala ndi malipenga zikumveka ngati kutsogoloko kuli anthu khumi, chonsecho kunali mnyamata mmodzi ndi kiyibodi. Nyimbo ili mkati, chimkuzamawu chinayamba kulira, mnyamatayo n'kunyamuka kukakonza waya. Zoimbira zonse zinapitirira osaphonya. Gogo wina amene ndinakhala naye pafupi anandinong'oneza kuti, “Nanga akuimbayo ndani?” Tinaseka chamumtima, koma funso lake silinandichoke.

Makiyibodi a Yamaha ndi Casio amene afika m'mipingo yathu ali ndi zoimbira zokonzeratu m'kati mwake. Woimba amasankha kamvekedwe, n'kudina batani, ndipo chala chimodzi cha kumanzere chimakwanira kuti makina alize ng'oma ndi besi. Pali batani linanso lokweza kapena kutsitsa mawu, kotero munthu atha kuimba zaka zisanu akudziwa kiyi imodzi yokha. Ena amangobweretsa nyimbo yathunthu pa fulashi, zala n'kumangoyendayenda pamwamba kuti anthu aone.

Tisafulumire kuwadzudzula anawa. Mpingo umene chopereka chake chimadikira kuti fodya agulidwe, kapena kuti kachewere wa ku Tsangano apeze msika, sungathe kugula zoimbira za gulu lonse. Kiyibodi imodzi ndi batire ya sola zabweza m'tchalitchi achinyamata amene tinkawaona ku msika tsiku la Sabata. Kusangalala pamaso pa Mulungu si tchimo. Davide yemwe anavina pamene likasa linkalowa mu Yerusalemu.

Koma makina sapuma, pamene mpingo umapuma. Nyimbo zambiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu zili ndi malo amene timakoka mawu, n'kudikirana, amayi ndi abambo n'kuyambira pamodzi mzere wotsatira. Ng'oma ya m'makina sidziwa zimenezi. Imathamanga liwiro limene inapatsidwa, okalamba n'kutsalira, kenaka n'kutseka mabuku awo. Nyimbo yoyenda katatukatatu imakakamizidwa kuyenda kanayikanayi chifukwa ndiko kamvekedwe kamene mnyamata amakadziwa, ndipo ya pa Mgonero wa Ambuye imatuluka ngati ya pa ukwati. Woimba waluso amamvetsera anthu. Akamva kuti woyambitsa nyimbo wakweza kwambiri amamutsata, akamva kuti mpingo walemedwa amachepetsa dzanja. Izi batani silingachite.

Ife a kuno tiyenera kuchita mantha ndi chinthu chimenechi kuposa ena, chifukwa tikudziwa chimene kuimba kwa pakamwa kunatichitira. Mishoni ya Mphatso ku Angonia, imene Mbusa A.G. Murray anayamba mu 1909, inatsekedwa ndi boma la Apwitikizi mu 1922. Kwa zaka zambiri Akhristu analibe mbusa pafupi, ena ankadumpha malire kupita ku mipingo ya ku Nyasaland kuti akabatizidwe. Nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu atasenza ana ndi mitolo. Limba panalibe. Chimene ananyamula ndi nyimbo za pamtima, m'mawu anayi, zimene makolo anaphunzira ndi do, re, mi. Lero m'makwaya ena mukafunsa amene angaimbe tenala popanda kiyibodi, anyamata amayang'anana.

Ndipo kumanda kulibe soketi. Amene amatipulumutsa pa maliro ndi amayi a Chigwirizano, ndipo ambiri a iwo tsitsi layera.

Malembo salekanitsa kudzipereka ndi luso. Pa 1 Mbiri 25 timawerenga za oimba 288 ophunzitsidwa bwino, a m'mabanja a Asafu, Hemani ndi Yedutuni, ndipo pa 1 Mbiri 15 Kenaniya anapatsidwa udindo wotsogolera nyimbo chifukwa ankaidziwa ntchitoyo. Mlandu tsono uli pa ife akulu a mpingo. Timasonkha ndalama zogulira kiyibodi, n'kuipereka kwa mwana popanda womuphunzitsa, kenaka tidabwa kuti wadziphunzitsa mabatani. Mtengo wa chimkuzamawu chimodzi ungalipirire mnyamata ulendo ndi chakudya kuti akakhale mwezi wathunthu kwa woimba wodziwa ku Vila Ulongwe.

Titatuluka m'tchalitchi tsiku lija ndinam'peza mnyamata uja akupinda mawaya. Ndinam'pempha kuti azimitse ng'oma zija andiimbire nyimbo imodzi ya m'buku ndi manja ake awiri. Anachita manyazi, n'kuyesa. Dzanja lamanja linayenda bwino ndithu mpaka kumapeto, lamanzere linangokhala pamalo amodzi. Anati amafunitsitsa kuphunzira, ndipo anandifunsa ngati ndikudziwa munthu amene angamuonetse. Gogo uja anali ataima pakhomo, akung'ung'udza alito ya nyimbo yomweyo.