Lita si kilo: kuphunzitsa densidade kuyambira pa ndowa ya chimanga

Funsani ana a m'kalasi mwanu kuti ndowa ya malita 20 ikadzaza chimanga imalemera makilo angati. Ambiri ayankha kuti 20, ndipo ayankha mosakayika. Yankholi lili ndi gwero lake. Pa madzi, lita imodzi imalemeradi kilo imodzi, ndipo izi sizinangochitika mwangozi: pamene anthu a ku France ankakhazikitsa miyeso imeneyi m'zaka za m'ma 1790, anatenga kulemera kwa lita ya madzi n'kukutcha kilogalamu. Vuto n'lakuti mwana amatenga lamulo la madzili n'kuliika pa chinthu chilichonse.

Kuno ku Chiuta nkhaniyi imakhudza m'thumba mwa makolo. Alimi amagulitsa chimanga, mpunga ndi nyemba poyesa ndi ndowa kapena chitini. Wogula akapita nazo ku Insaca, ku Cuamba, kapena kuwoloka malire pa Entre-Lagos, amakagulitsa pa sikelo. Wina akuwerenga malita, wina akuwerenga makilo, ndipo amene amadziwa kusintha miyeso iwiriyi ndiye amadya phindu.

Chimene chimalumikiza miyesoyi ndi chija mabuku a Chipwitikizi amachitcha densidade. M'Chinyanja tilibe liwu limodzi lofanana nalo, ndipo sindikuona chifukwa chothamangira kupeka latsopano. Ena amati "kuthinana", koma mwana akamva zimenezo amaganiza za anthu odzazana m'galimoto, ndipo zimamuvuta kuona kuti mafuta kapena uchi zingathinane bwanji. Mawu amene amagwira ntchito ndi ataliko pang'ono: kulemera kwa lita imodzi. Mwana akamva kuti "lita imodzi ya mafuta ophikira imalemera makilo 0,92", wamva kale densidade ngakhale dzina lake asanaliphunzire. Dzina la Chipwitikizi libwere pambuyo, limatidwe pa chinthu chimene akuchidziwa kale. Samalaninso ndi liwu lakuti massa. Kwa ana ambiri massa ndi chakudya, choncho mukalemba pa bolodi kuti densidade ndi massa kugawa ndi volume musanafotokoze m'chinenero chawo, aloweza koma osamva kanthu.

Masamu ake ndi awiri okha. Ngati mukudziwa malita ndipo mukufuna makilo, chulukitsani malitawo ndi kulemera kwa lita imodzi. Chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5 chili ndi makilo 5 × 0,92, omwe ndi 4,6. Lita ya chimanga chouma chotongola imalemera pafupifupi makilo 0,72, ndiye ndowa ya malita 20 yosalaza pakamwa ili ndi makilo 14,4. Mpunga wosapuntha ndi wopepukirapo, pafupifupi 0,58, ndowa yomweyo n'kukhala ndi makilo osakwana 12. Uchi umapitirira madzi, chifukwa lita yake ndi pafupifupi makilo 1,4.

Ngati mukudziwa makilo ndipo mukufuna malita, gawani. Thumba la chimanga la makilo 50 ndi 50 ÷ 0,72, pafupifupi malita 70, kutanthauza ndowa zitatu ndi theka zosalaza. Ana amasokoneza kawirikawiri pochulukitsa ndi pogawa. Aphunzitseni kuyamba ndi funso lapakamwa asanagwire cholembera: chinthuchi n'chopepuka kapena cholemera kuposa madzi? Ngati n'chopepuka, nambala ya makilo iyenera kuchepa poyerekeza ndi ya malita. Wapeza makilo 27 m'ndowa ya chimanga aona yekha kuti wagawa pamene anayenera kuchulukitsa.

Kenako bweretsani ndalama. Tiyerekeze kuti wogula akupereka mametikali 200 pa ndowa. Ikakhala yosalaza, kilo imodzi yagulidwa pafupifupi mametikali 13,9. Koma wogula akaumirira kuti ndowa iwunjikidwe mpaka chimanga chiyambe kutayika, n'kufika makilo 17, mtengo wa kilo watsika kufika pa 11,8. Pa thumba limodzi la makilo 50 mlimi wataya ndalama zoposa mametikali 100. Funso lotere ana amalitengera kunyumba okha, osauzidwa.

Pali msampha umodzi umene mwana wochenjera adzakutcherani. Adzati: ngati chimanga n'chopepuka kuposa madzi, bwanji njere yake imamira tikaiponya m'kapu? Funsoli ndi labwino kwambiri, musalikankhire pambali. Njere payokha ndi yolemera kuposa madzi a kukula kwake komweko. Koma m'ndowa muli njere ndi mipata ya mpweya pakati pake, ndipo 0,72 uja akuwerengera zonse pamodzi. Mutha kuonetsa zimenezi pothira madzi m'botolo lodzaza chimanga: madzi amalowa ndithu, ngakhale tinati botolo ladzaza. N'chifukwa chake nambala ya mbewu si yokhazikika ngati ya mafuta. Imasintha ndi mtundu wa chimanga, kauma kwake, kugwedeza ndowa, komanso ngati anankafumbwe alowamo. Choncho manambala ndapereka apawa akhale poyambira chabe. Bwerekani sikelo kumsika, dulani botolo la madzi pa mzere wa lita imodzi, ana ayese okha chimanga, mchere, mchenga ndi matemba ouma, n'kulemba zimene apeza m'zinenero zonse ziwiri.

Akuluakulu nawonso amaphonya masamu omwewa. Pa 23 Julayi 1983 ndege ya Air Canada yochokera ku Montreal kupita ku Edmonton inatha mafuta ili m'mwamba. Powerengera kulemera kwa mafuta, ogwira ntchito anachulukitsa malita ndi 1,77, nambala ya mapaundi pa lita, m'malo mwa 0,8 ya makilogalamu, ndipo ndege inanyamuka ndi mafuta osakwana theka la amene inkafunika. Oyendetsa anakwanitsa kuitsitsa pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli popanda womwalira. Nkhaniyi imathandiza pokakamiza ana kulemba "kg pa lita" pafupi ndi nambala iliyonse, osati nambala yokha.

M'makalasi apamwamba, pamene phunziro lasamukira m'Chipwitikizi, ana adzakumana ndi g/cm³ ndi kg/m³. Auzeni kuti g/cm³ ndi nambala yomwe ija ya makilo pa lita, ndipo kuti apeze kg/m³ angochulukitsa ndi 1000. Mafuta a 0,92 aja amakhala 920, madzi amakhala 1000.