Elk Sikonda Msewu

M'chigawo cha Colorado ku America muli elk zambiri kuposa chigawo china chilichonse m'dzikolo, zoposa 250,000. Elk ndi gwape wamkulu, ndipo yamphongo imalemera makilogalamu oposa 300. Ziphaso zambiri zosakira nyamayi zimaperekedwa mwa maere, koma bungwe la Colorado Parks and Wildlife limagulitsanso zina zoti mlenje angolipira n'kukasaka yamphongo ndi mfuti kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala. Vuto n'lakuti ziphasozi zilibe malire, choncho dera lotchuka ndi nyama zambiri ndi lomwenso alenje ovala zamtundu wa lalanje amadzazako ngati pamsika. N'chifukwa chake posankha kokasaka, mlenje ayambe wafunsa kutalika kwa malowo ndi msewu, kuchuluka kwa nyama kubwere pambuyo. Kafukufuku wa ku nkhalango ya Starkey ku Oregon anasonyeza kuti elk zimapewa misewu yodutsa galimoto. Mfuti zikangoyamba kulira, zimalowa m'zigwa za mitengo yothithikana kapena m'mafamu a anthu, komwe mlenje saloledwa popanda chilolezo cha mwini malo.

Ena anganene kuti kutali n'kovuta, ndipo akunena zoona. Mphongo ikagwa kumtunda, mlenje amaiduladula n'kusenza nyamayo kumsana maulendo angapo, nthawi zina chipale chofewa chikufika m'mawondo. Komatu sikofunika kuyenda tsiku lathunthu. Chitunda chimodzi chotsetsereka kwambiri chimabweza alenje ambiri, ndipo kuseri kwake n'komwe nyama zimapumira. Sankhani malo amene anzanu akuchita nawo ulesi, bola miyendo yanu ikatulutseko nyama isanaonongeke.