Norbert Brainin ndi Gulu Lomwe Linakana Kusintha Munthu

LONDON - Pamene a Peter Schidlof, woimba viola, anamwalira mu 1987, anzawo atatu a m'gulu la Amadeus Quartet sanafunefune wina wolowa m'malo mwawo. Gululo linathera pomwepo, litaimba kwa zaka pafupifupi 40 osasintha munthu ndi mmodzi yemwe. Amene ankalitsogolera pa vayolini yoyamba anali a Norbert Brainin.

A Brainin anabadwira ku Vienna mu 1923, ndipo poti anali Myuda, anathawira ku London mu 1938 chipani cha Nazi chitalanda dziko la Austria. Nkhondo itavuta, boma la Britain linatsekera m'misasa anthu ochokera m'mayiko a adani, ngakhale othawa nkhanza omwe. M'misasamo ndi momwe a Schidlof anadziwanirana ndi a Brainin, kenako ndi a Siegmund Nissel, onse oimba vayolini. Atatulutsidwa, anaphunzitsidwa ndi a Max Rostal. A Schidlof analolera kusiya vayolini n'kutenga viola, a Martin Lovett anabwera ndi cello, ndipo mu Januwale 1948 gululo linaimba ku Wigmore Hall mumzinda wa London.

Chifukwa chokanira munthu watsopano chili m'kaimbidwe ka gulu lotere. Zida zimakhala zinayi basi: mavayolini awiri, viola ndi cello. Palibe woimirira kutsogolo kuti aziwongolera, ndipo palibe wobisala kumbuyo kwa mnzake, pakuti aliyense ali ndi mawu akeake. Liwiro la nyimbo, polowera, ngakhale kukula kwa phokoso, zonse amagwirizana pomverana, ndipo kumverana kotero kumatenga zaka. A Brainin, omwe anapambana mpikisano wa Carl Flesch mu 1946, akanatha kutchuka paokha, koma anasankha mpando wa pakati pa anzawo. Pampandopo anajambula nyimbo za Mozart, Beethoven, Schubert ndi Brahms, ndipo mu Disembala 1976 gululo linakhala loyamba kuimba kwateti yachitatu ya Benjamin Britten, mwini wake atangomwalira kumene.

Gululo litatha, ntchito yophunzitsa ndiyo inakula. A Brainin anaphunzitsa ku Cologne m'dziko la Germany komanso ku Royal Academy of Music ku London, kumene magulu a achinyamata anayianayi ankabwera kudzasulidwa. Iwo anamwalira ku London mu Epulo 2005.