Nkhono za ngale: ku Spain zimafika zaka pafupifupi 40, ku Sweden zimafika zaka 250

M'mitsinje ya madzi ozizira ya ku Ulaya muli nkhono ya zigoba ziwiri imene akatswiri a sayansi amaichula kuti Margaritifera margaritifera. Anthu wamba amangoti nkhono ya ngale, popeza nthawi zina mkati mwake mumapezeka ngale. Nkhonoyi imapezeka kuyambira ku Portugal ndi Spain kum'mwera, kufika kumpoto kwenikweni kwa Norway, Sweden, Finland ndi Russia, ndiponso kum'mawa kwa Canada ndi America. Mtundu wake ndi umodzi, koma ofufuza apeza kuti kakulidwe kake, utali wa moyo wake ndi kaberekedwe kake zimasiyana kwambiri malingana ndi mtsinje umene ikukhalamo.

Kusiyana kumeneku n'kofunika kukudziwa pakuti nkhonoyi ikutha. Bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene zili pangozi ya kutheratu, linaiika pa mndandanda wake, ndipo m'maiko a pakati pa Ulaya ciwerengero cake cinatsika ndi 90 peresenti kapena kuposerapo m'zaka za m'ma 1900. Amene akuyesa kuipulumutsa aona kuti njira imene yathandiza mumtsinje wina ikhoza kulephera mumtsinje wina.

Nkhono za zigoba ziwiri si zacilendo kuno kwathu. Abale ake a nkhono ya ngale amapezeka m'nyanja za Kariba, Mweru ndi Tanganyika, ndipo nawonso tiana tawo timayamba moyo titamatirira pa nsomba. Komabe ndi nkhono ya ku Ulaya imeneyi imene yafufuzidwa mozama, mtsinje ndi mtsinje, kwa zaka zambiri.

Moyo woyambira pa nsomba

Nkhono yaikulu imakhala pansi pa mtsinje itazika mbali ya cigoba cake m'timiyala ndi mumcenga. Imadya mwa kusefa madzi, ndipo imodzi ikhoza kusefa malita ofika 50 pa tsiku. M'nyengo yotentha, yaimuna imatulutsa umuna m'madzi ndipo yaikazi imaukoka pamodzi ndi madzi amene ikusefa. Pakati pa mwezi wa July ndi September, yaikazi imalavula tiana tapakati pa 1 miliyoni ndi 4 miliyoni, kalikonse kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita.

Kamwana kotere sikangakhale paokha. Kayenera kukokedwa ndi nsomba ya salmon kapena ya trout pamene nsombayo ikupuma, kenaka n'kumatirira pa ziwalo zake zopumira. Tiana toposa 99 pa 100 tilionse timafa tisanapeze nsomba. Timene tapeza timakhala pansombapo nyengo yonse yacisanu, ndipo timagwa ca m'mwezi wa May kapena June titakula kufika pafupifupi theka la milimita. Tikatero timalowa pansi pa timiyala, mmene timakhala tobisika zaka zisanu kapena kuposerapo. Nkhono imayamba kubereka ikafika zaka 10 mpaka 15, ndipo m'madera ozizira kwambiri imacedwerapo.

Kum'mwera moyo waufupi, kumpoto wautali

Zaka za nkhono zimawerengedwa pa cigoba cake. M'nyengo yacisanu kukula kumaima, ndipo pacigoba pamatsala mzere. Ofufuza amadula kacidutswa kopyapyala ka cigobaco n'kuwerenga mizereyo pa makina okulitsa tinthu ting'onoting'ono, monga mmene munthu amawerengera mizere ya pa citsa ca mtengo.

Katswiri wa ku Germany, a Gerhard Bauer, anayerekeza nkhono za m'mitsinje yambiri ya ku Ulaya ndipo mu 1992 anafalitsa zimene anapeza. Mumtsinje wina nkhono yokalamba koposa inali ndi zaka 30, pamene mumtsinje wina inafika zaka 132. Utali wa cigoba cacikulu koposa nawonso unasiyana, kuyambira mamilimita 80 kufika 145. Mu 2000, gulu lotsogozedwa ndi a Valery Ziuganov a ku Russia linanena kuti m'mitsinje ya ku Spain nkhono zimafika zaka 28 mpaka 40, pamene m'mitsinje ya kumpoto kwenikweni, monga ya kudera la Kola ku Russia, zimafika zaka 114 mpaka 190. Mumtsinje wa Görjeån kumpoto kwa Sweden munapezeka nkhono ya zaka zoposa 250.

Cifukwa cacikulu ndi kutentha kwa madzi. Thupi la nkhono limatentha kapena kuzizira malingana ndi madzi amene ilimo. M'madzi ofunda thupi limagwira nchito mofulumira, nkhono imakula msanga, imafika msanga pa msinkhu wake womaliza, ndipo imakalambanso msanga. Kumpoto, nyengo yokulira ndi miyezi yowerengeka cabe pa caka. Nkhono imaonjezera pang'ono pang'ono, koma imapitiriza kukula kwa zaka zambiri, motero pomaliza imaposa ya kum'mwera pa msinkhu. Cakudya naconso cili ndi mbali yake. Madzi akalowa feteleza wocokera m'minda, nkhono imakula mofulumira kuposa mwa cibadwa cake, ndipo moyo wake umafupika.

A Bauer anapezanso kuti nkhono yaikazi siicepetsa kubereka ikamakalamba. Izi zitanthauza kuti yaikazi ya kumpoto ikhoza kubereka kwa zaka zoposa 100, pamene ya ku Spain ili ndi zaka makumi awiri kapena atatu cabe. Mtsinje wa kumpoto ukhoza kupirira zaka zambiri zoipa, mmene tiana tonse tikufa, n'kudzayambiranso zinthu zikakhala bwino. Ku Spain, zaka 30 zopanda tiana n'zokwanira kumaliza nkhono pafupifupi zonse za mumtsinje.

Nkhono za salmon ndi nkhono za trout

Kusiyana kwina kuli pa nsomba imene tiana timadalira. M'mitsinje ya pakati pa Ulaya, monga ya ku Germany, nsombayo ndi trout. Kumpoto, nkhono za m'mitsinje ikuluikulu yothira m'nyanja yamcere kawirikawiri zimadalira salmon, pamene za m'timitsinje ting'onoting'ono zimadalira trout. Tiana tikamatirira pa nsomba yosayenera, thupi la nsombayo limatikana ndipo tambiri timagwa tisanakhwime.

Mu 2014, a Sten Karlsson, a Bjørn Mejdell Larsen ndi a Kjetil Hindar a ku bungwe lofufuza zacilengedwe la NINA ku Norway anapima DNA ya nkhono za m'mitsinje ya m'dziko lawo. DNA ndiyo malangizo a cibadwa amene colengedwa cimalandira kwa makolo ake. Iwo anapeza kuti nkhono zodalira salmon ndi zodalira trout zimasiyana ngakhale pa DNA yomwe. Motero kusiyana kwa zaka kumabwera maka-maka ndi malo, koma pa nkhani ya nsomba kusiyanako kwalowa kale m'cibadwa.

Zotsatira zake zinaoneka pa mtsinje wa Lutto, umene umayambira kumpoto kwa Finland n'kukathira mumtsinje wa Tuloma ku Russia. M'zaka za m'ma 1960 pa Tuloma panamangidwa damu lopangira magetsi, ndipo salmon zinaleka kukwera kufika ku Lutto. Patapita zaka makumi angapo, ofufuza a ku Finland anapeza kuti mumtsinje waukuluwo munatsala nkhono zokalamba pafupifupi zokhazokha. M'timitsinje tina tothira momwemo, mmene nkhono zimadalira trout, tiana tinali kupezekabe. Madzi a Lutto anali oyera, koma nsomba yoyenera inalibemo.

Madzi a laimu ndi nkhono zotsala zokha

Nkhono ya ngale imakonda madzi opanda laimu wambiri. Koma mumtsinje wa Nore ku Ireland munapezeka nkhono zokhala m'madzi a laimu, za cigoba cooneka mosiyana ndiponso za moyo wofupikirapo. Mu 1928 zinapatsidwa dzina lawolawo lakuti Margaritifera durrovensis, kutengera tauni ya Durrow. Pambuyo pake kupima kwa DNA kunaonetsa kuti ndi mtundu umodzimodzi ndi nkhono zina za ngale, umene unazolowera madzi acilendo. Pofika m'zaka za m'ma 2000 zinatsala mazana owerengeka cabe.

Kuculuka kwa nkhono pamalo amodzi nakonso kumasintha kaberekedwe. Mu 1987 a Bauer anafotokoza kuti nkhono zikakhala zothithikana, zazimuna ndi zazikazi zimakhala zosiyana. Zikacepa kwambiri moti umuna sukufika kwa zazikazi, zina mwa zazikazizo zimayamba kupanga umuna wawo n'kudziberekera zokha. Njira imeneyi imathandiza kuti mtsinje umene watsala ndi nkhono zocepa usatheretu, ngakhale kuti ana obadwa motero amafanana kwambiri pa cibadwa.

Ukalamba umabisa tsoka

Kale mdani wamkulu wa nkhonoyi anali ofuna ngale, amene anali kutsegula nkhono zikwizikwi kuti apeze ngale imodzi yamtengo. Ku Scotland, a Bill Abernethy anapeza ngale yochuka mumtsinje wa Tay mu 1967. Nchito imeneyi inaletsedwa kotheratu ku Britain mu 1998, ndipo lamulo la maiko a European Union la 1992 limatetezanso nkhonoyi ndi mitsinje yake.

Lero vuto lalikulu lili pansi pa mtsinje. Mu 2007, a Jürgen Geist ndi a Karl Auerswald a ku Munich anaonetsa kuti mitsinje imene muli tiana imasiyana ndi imene mulibe pa cinthu cimodzi cacikulu: madzi a mpweya wabwino amalowa momasuka pakati pa timiyala. Dothi lokokoloka m'minda, m'ngalande za m'nkhalango ndi m'magombe opondedwa ndi ng'ombe limatseka timipatato, ndipo tiana tobisika m'menemo timabanika. Nkhono zazikulu zimapirira. Munthu woyang'ana mumtsinje amaona nkhono zambirimbiri n'kuganiza kuti zonse zili bwino, pamene kwa zaka 40 kapena 50 palibe kamwana kamene kakula. Mtsinje wa nkhono za moyo wautali umabisa vutoli nthawi yaitali koposa.

Mtsinje uliwonse ndi njira yake

Pali umboni wakuti zinthu zikhoza kukonzeka. Pa mtsinje wa Lutter m'cigawo ca Lower Saxony ku Germany, nchito yokonza mtsinje inayamba mu 1989. Malo a m'mbali mwa mtsinje anagulidwa, kukumba mtsinje ndi makina kunaletsedwa, ndipo panakonzedwa maenje okola mcenga usanalowe m'madzi. Nkhono zimene zinali zitatsala zikwi zowerengeka zinayambanso kuculuka, moti pofika mu 2008 zinaposa 12,000, zambiri mwa izo zazing'ono.

Kumene nkhono zatsala pang'ono kutha, tiana timaleredwa m'malo osungirako mpaka titalimba, kenaka n'kubwezeredwa kumtsinje. Bungwe la Freshwater Biological Association linayamba nchito yotere pafupi ndi nyanja ya Windermere ku England mu 2007, ndipo ku Norway kuli malo otere ku Austevoll. Kumeneko nkhono za mtsinje uliwonse zimasungidwa pazokha, ndipo oyang'anira amayamba afufuza kuti tiana take timagwirizana ndi nsomba iti. Kuthira trout mumtsinje wa nkhono zodalira salmon n'kutaya ndalama ndi nthawi, ndipo kusakaniza nkhono za mitsinje yosiyana kukhoza kuononga cibadwa cimene cinazolowera malo ake kwa zaka zikwi zambiri.

Ngakhale kuwerenga nkhono kumafuna kudziwa mtsinje. Ku Sweden, ofufuza akapeza nkhono zosakwana mamilimita 50 amatenga zimenezo ngati umboni wakuti tiana tikukula, pamene ku Britain amayang'ana kuculuka kwa zosakwana mamilimita 65. Koma msinkhu umodzi sutanthauza zaka zofanana kulikonse, pakuti nkhono ya mamilimita 50 ya ku Spain ndi yocepa zaka kwambiri poyerekeza ndi ya msinkhu womwewo ya kumpoto kwa Sweden. Kaamba ka ici, akatswiri amalangiza kuti asananene kuti mtsinje uli bwino kapena uli pangozi, ofufuza ayambe awerenga mizere ya pa zigoba za mumtsinje womwewo, adziwe kuti nkhono zake zimakula pa liwiro lotani, ndiponso aone ngati nsomba imene tiana take timadalira ikupezekamo.