Nanzikambe Wamng'ono Akadwala Maso

Mvula yoyamba ikagwa kuno ku Mecanhelas, m'mwezi wa Novembala kapena Disembala, tchire limadzuka. Udzu umaphuka, ngumbi zimauluka, ndipo ana athu amabwera kunyumba ndi zinthu zosiyanasiyana zimene atola m'njira. Tsiku lina mwana akhoza kufika atanyamula kamtengo. Pakamtengopo pali kananzikambe kakang'ono ngati chala. Diso lake limodzi latupa, silikutseguka. Mwanayo akuti, "Amayi, mundilole ndisunge kameneka mpaka kachire."

Ambiri a ife tikaona zotere timakuwa. Timamulamula mwana kuti akataye kutali, mwina timatola mwala. Koma tisanatero, tiyeni tikhale pansi tiphunzire za kanyama kameneka. Tikakadziwa bwino, tidzadziwanso chomuyankha mwana wathu.

Timudziwe nanzikambe

Ena amati nanzikambe, ena nadzikambe, enanso bilimankhwe. Padziko lonse pali mitundu ya ananzikambe yopitirira 200, ndipo pafupifupi theka la mitunduyi lili pa chilumba cha Madagascar. Amene timamuona kawirikawiri m'minda mwathu ndi wobiriwira uja wokhala ndi timakutu tachikopa kumbuyo kwa mutu. Akakula kwambiri amafika masentimita 35, kuwerengera ndi mchira womwe. Palinso wina wamkulu, kalilombe, amene amafika masentimita 60. Iyeyu amapezeka kumpoto kwa Mozambique, ku Malawi ndi ku Tanzania.

Dzina lathu lija lidafika kutali. M'chaka cha 2006, akatswiri a zanyama adatcha gulu lina la ananzikambe kuti Nadzikambia, potengera mawu a chinenero chathu. Woyamba wa gululi amakhala pa phiri la Mulanje ku Malawi. Wachiwiri adapezeka pa phiri la Mabu m'chigawo cha Zambézia, ndipo adapatsidwa dzina m'chaka cha 2010.

Nanzikambe wa m'minda mwathu amaikira mazira. Mvula ikamapita kumapeto, wamkazi amatsika pansi, nakumba dzenje, naikira mazira 20 kapena kupitirirapo, nakwirira. Mazirawo amakhala m'nthaka miyezi yambiri, ndipo amaswa mvula ina ikabwera. N'chifukwa chake tiana timaoneka nthawi yodzala. Tianato sitikhala ndi make. Kuyambira tsiku loyamba kamwana kamadzisakira kokha chakudya. Tsono tikakapeza kali kokha, tisaganize kuti katayika.

N'chifukwa chiyani timamuopa?

Makolo athu adatisimbira nthano yakuti Chauta adatuma nanzikambe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso. Nanzikambe adachedwa m'njira, ndipo buluzi adafika msanga ndi uthenga wa imfa. Nthano ndi chuma chathu, ndipo zimatiphunzitsa kuipa kwa kuzengereza. Koma kanyama kamene kali pakamtengo ka mwana wathu kalibe mlandu.

Ena amati nanzikambe ali ndi ululu ngati njoka. Si zoona. Alibe ululu. Akatsegula kukamwa, nafufuma, nachita mdima pakhungu, ndiye kuti akuchita mantha. Wamkulu akhoza kuluma ngati tamufinya, koma bala lake n'laling'ono, longofuna kutsuka ndi sopo. Ena amatinso kalilombe pobereka amadzigwetsa pansi mimba n'kuphulika. Izinso si zoona. Kalilombe amaikira mazira m'nthaka monga mnzake wamng'ono uja.

Nanzikambe sadya chimanga, mpunga kapena nandolo. Amadya ziwala, ntchentche, mbozi ndi tizilombo tina. Ife tikudziwa kuti madambo a nyanja za Chilwa ndi Chiuta ndi amodzi mwa malo amene dzombe lofiira limaswana. Nanzikambe sangathetse dzombe, koma tsiku ndi tsiku amatichotsera tizilombo m'dimba popanda malipiro.

Maso ndiwo moyo wake

Tiyang'anitsitse diso la nanzikambe. Zikope zake n'zolumikizana, zangosiya kabowo kakang'ono pakati. Diso lililonse limatembenuka palokha. Lina likayang'ana kutsogolo, linzake likhoza kuyang'ana kumbuyo. Motero amaona pafupifupi mbali zonse osatembenuza mutu.

Akaona chiwala, maso onse awiri amaloza pamodzi. Kenaka amaponya lilime lake lalitali, lotalika kuposa thupi lake, ndipo chiwala chimamatirira kunsonga. Nanzikambe samva bwino, ndiponso sathamanga. Amadalira maso posaka chakudya, pofuna madzi ndi pobisalira adani monga njoka, mbalame ndi amphaka. Diso limodzi likatsekeka amathabe kusaka, ngakhale movutikira. Onse awiri akatsekeka, amafa ndi njala.

Usiku nanzikambe amagona atatseka maso, khungu lake litatuwa. Kumeneko si kudwala. Koma masana nanzikambe wabwino satseka maso nthawi yaitali. Tikaona zizindikiro izi, tidziwe kuti pali vuto:

1. Diso lotsekeka masana.
2. Diso lotupa kapena lotuluka manthongo.
3. Maso olowa m'kati.
4. Kukhula diso panthambi kawirikawiri.
5. Kuphonya chiwala chimene chili pafupi.

Chimadwalitsa maso n'chiyani?

Choyamba ndi fumbi, mchenga kapena kachitsotso kolowa m'diso. Kutchire nanzikambe amatsuka yekha maso ake. Mvula ikamagwa amatupitsa diso, nalizunguza m'kati mwa chikope mpaka kachitsotso katuluke. Akatsekeredwa m'chitini chouma sangathe kutero.

Chachiwiri ndi ludzu. Nanzikambe sazolowera kumwa madzi a m'mbale. Amanyambita mame ndi madontho a mvula pamasamba. Mwana akhoza kumuikira madzi m'chikho, koma iye n'kufa ndi ludzu madziwo ali pomwepo. Ludzu likakula maso amalowa m'kati.

Chachitatu ndi khungu lakale. Kamwana kamene kakukula kamafundula kawirikawiri. Pamalo pouma, khungu lakale limakanirira pachikope n'kutseka diso.

Chachinayi ndi chakudya chosakwanira. Kutchire amadya tizilombo tamitundumitundu timene tadya masamba obiriwira, ndipo m'menemo amapeza vitamini A. Vitamini ameneyu akasowa, maso amatupa n'kutsekeka. Amafunanso dzuwa kuti mafupa ake alimbe. Wosungidwa m'nyumba mwa mdima amafooka msanga.

Chachisanu ndi kuvulala. Minga, kamtengo ka mwana wosewera, utsi wa kukhitchini kapena mankhwala opopera m'munda, zonsezi zimapweteka maso.

Tiona apa kuti zambiri mwa zifukwa zimenezi zimabwera chifukwa chomutsekera. Choncho kananzikambe kamene kali bwino tisakatengere kunyumba. Tikasiye pomwe takapeza.

Tingakathandize bwanji kodwala?

Ngati mwana wabweretsa kodwala, tikhoza kukasamala masiku owerengeka motere.

Malo. Tisakaike m'botolo, m'chitini kapena m'thumba la pulasitiki. Tisankhe chitsamba cha masamba ambiri pafupi ndi nyumba, kutali ndi khitchini. Ngati pali nkhuku ndi amphaka, tiike nthambi zamasamba m'dengu lalikulu, tivindikire ndi kansalu kopyapyala kolowa mpweya. Tisagwiritse ntchito ukonde wa udzudzu, chifukwa uli ndi mankhwala ophera tizilombo, ndiponso ntchito yake ndi kutiteteza ife ku malungo. Kananzikambe kakhale kokha, pakuti ananzikambe sakonda kukhala awiri.

Madzi. Tiwiritse madzi, tiwasiye azizire. Tiviike zala kapena kamtolo ka udzu woyera, tiwaze pamasamba ngati mvula yowaza. Tichite zimenezi m'mawa, masana ndi madzulo dzuwa lisanalowe. Timadontho tina tigwere pamutu pake, koma tisakhuthulire madzi pamphuno. Kakamwa ndi kunyowa, kadzayamba kutsuka diso kokha.

Dzuwa. M'mawa kaothere dzuwa, koma pakhale masamba oti kabisalemo kakatenthedwa. Dzuwa la masana popanda mthunzi limapha kamwana msanga.

Chakudya. Tikapatse tizilombo tamoyo, tating'ono kuposa mutu wake: tiziwala, ntchentche ndi timbozi topanda ubweya. Tisinthesinthe mitundu. Tikaika makoko a mango kapena a nthochi pafupi, tintchentche tating'ono timabwera tokha, ndipo kamwana kamatikonda. Tisatole tizilombo m'munda wa fodya kapena wa thonje umene wapoperedwa mankhwala. Nsima, mkaka ndi nyama si chakudya chake.

Mtendere. Tisakagwiregwire. Pofuna kukasuntha, tiike kamtengo patsogolo pake, kakwere kokha. Tikakakoka panthambi tikhoza kukathyola miyendo.

Zimene sitiyenera kuchita

Tisatsegule diso ndi chala, ndi munga kapena ndi udzu. Tisasende khungu louma pachikope, madzi adzalifewetsa. Tisathire m'diso mchere, palafini, madzi a masamba kapena mankhwala a maso amene tidalandira kuchipatala. Mankhwala a munthu si a kanyama kakang'ono ngati chala.

Tiletsenso ana masewera aja oika fodya m'kamwa mwa nanzikambe. Fodya ali ndi poizoni, ndipo nanzikambe amafa mozunzika. Mwana wozolowera kuzunza kanyama kopanda mphamvu amavuta kumuphunzitsa chifundo.

Aliyense wogwira nanzikambe asambe m'manja ndi sopo asanadye. Ndowe za nyama zokwawa zimakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba. Ana aang'ono kwambiri angoona ndi maso, asagwire.

Kumubwezera kwawo

Diso likatseguka ndipo kayamba kugwira tizilombo, ntchito yathu yatha. Tipite ndi mwana pamene adakapeza, m'mawa kukadali mame, tikaike pachitsamba chowirira kutali ndi msewu. Tisakasunge kupitirira sabata imodzi. Tisakagulitsenso kwa anthu odutsa, pakuti malonda a nyama zakutchire popanda chilolezo cha boma ndi mlandu.

Tinene zoona: si tonse timene timachira. Diso likachita mafinya kapena likaphulika, madzi ndi dzuwa sizikwanira. Tikhoza kufunsa alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ku Insaca. Kakafa, timuuze mwana kuti adachita mbali yake.

Njira yaikulu yothandizira ananzikambe ndi kusunga malo awo. Moto wolusa wa m'chilimwe umapha ambiri chifukwa sathamanga. Tisiye zitsamba m'malire mwa minda, tilambule njira zotchinga moto, ndipo tisatenthe tchire pofuna mbewa.

Maso a ana athu

Phunziro ili likutikumbutsa za kunyumba. Vitamini A amene amasunga maso a nanzikambe ndi yemwenso amasunga maso a ana athu. Mwana akasowa vitamini ameneyu amayamba kusaona bwino madzulo, ndipo zikapitirira akhoza kuchita khungu. Vitamini A timamupeza m'mango akupsa, m'mapapaya, m'maungu, m'mbatata yofiira m'kati, m'mazira ndi m'ndiwo zamasamba monga chigwada, nkhwani ndi bonongwe. Kusikelo ya ana amapereka vitamini A kwa ana oyambira miyezi 6 mpaka zaka 5, kamodzi pa miyezi 6 iliyonse. Tisaphonye. Ndipo diso la mwana likafiira kapena likatupa, tisathiremo zakumudzi. Tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsono mwana akadzabweranso ndi kamtengo m'manja, tisatole mwala. Timuuze kuti, "Bwera nako kuno mwanawe, tikaone diso." Tikatero, timuthandize kuwaza madzi pamasamba, ndipo kakachira tipite naye limodzi kukabweza kutchire.

Tikambirane

1. Kodi kwanu nanzikambe mumamutcha dzina lanji? Akuluakulu amati chiyani za iye?
2. N'chifukwa chiyani nanzikambe akhoza kufa ndi ludzu madzi ali m'mbale?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene zimadwalitsa maso ake.
4. Kodi ndi zakudya ziti za m'mudzi mwanu zimene zimateteza maso a ana?
5. Tingachite chiyani m'mudzi mwathu kuti moto wolusa uchepe?

Tilembe mawu awa

diso, maso, chikope, lilime, mame, dzuwa, chiwala, nanzikambe