Masipuling'i Olimba Sasandutsa Vani Kukhala Lole

Nyengo yokolola ikafika, mavani ambiri ochokera ku Bundabunda ndi ku Chinyunyu amalowera ku Lusaka mumsewu wa Great East ali chizondokero: mphuno m'mwamba, kumbuyo kukununkhiza phula. Ambiri mwa ophunzira athu akale akayamba kupata za m'dimba, galimoto yawo yoyamba imakhala yachikale: Toyota Hilux ya zaka zambiri, Nissan 1400, kapena Land Rover ya Series III imene inaleka kupangidwa mu 1985. Zonsezi kumbuyo zimakhalira pa masipuling'i a zitsulo zosanjikizana zimene amakanika amati malifi. Funso limene timalandira kawirikawiri n'lakuti, "Tiwonjezere malifi angati kuti izinyamula zambiri?" Funsoli n'labwino, koma mbali yake yomalizira ndi imene yagwetsa anthu m'ngongole.

Sipuling'i ili ndi ntchito ziwiri: kusenza kulemera kwa galimoto ndi katundu, ndiponso kugwira ekiselo kuti isachoke pamalo pake. Lifi yapamwamba, yaitali kuposa zonse, ndiyo yopindidwa kumapeto n'kumangidwa ku chesisi. Zinazo zimaichirikiza, zonse zitalumikizidwa ndi bawuti ya pakati. Chitsulo chimatopa ngati ng'ombe ya pagoli. Sipuling'i imene inali yokhota ngati uta ikayamba kuwongoka, galimoto ikapendekera mbali imodzi ili yopanda kanthu, kapena ekiselo ikamagunda mphira wa pansi pa chesisi pa bampu iliyonse, ndiye kuti nthawi yosintha yakwana. Pamenepa sititsutsa konse. Galimoto yofwatira kumbuyo imapepuka kutsogolo, chiwongolero chimayandama m'manja, ndipo nyali zake zimathobwa anzanu m'maso m'malo mowunika msewu.

Koma malifi owonjezera amangoimika galimoto mowongoka. Ekiselo ikadali yomweyo, maberingi ndi omwewo, mabuleki ndi omwewo, ndipo chesisi cha zaka 30 chadyedwa kale ndi dzimbiri. Kulemera kumene galimoto siyenera kupitirira kunaikidwa ndi amene anaipanga, ndipo kumapezeka pa kachitsulo komatidwa pagalimotopo kapena m'mapepala ake. Nissan 1400 ndi ya theka la tani: matumba 10 a chimanga a makilogalamu 50 pamodzi ndi dalaivala, katundu wakwana. Hilux ya mpando umodzi imasenza pafupifupi tani, amene ndi matumba 20, koma munthu aliyense wokwera pamwamba amadya malo a thumba limodzi ndi kachidutswa. Tayala nalo lili ndi malire ake olembedwa m'mbali mwake. Nambala 106 imatanthauza makilogalamu 950, ndipo izi zimatheka pokhapokha mpweya uli wokwanira. Kuipa kwa sipuling'i yolimba n'kwakuti imabisa katundu. Kale galimoto inkadandaula yokha pofwatira, mwini n'kutsitsako matumba awiri. Tsopano yakhala chete, ndipo woyamba kulankhula adzakhala tayala lophulika pa chitsetse.

Pali kanthu kena kamene ngakhale amakanika ena amakaiwala. Ma Hilux ambiri akale ali ndi kavalavu ka mabuleki kumbuyo, kolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo kachitsulo. Kavalavuko kamazindikira katundu poona mmene galimoto yatsikira, ndipo ikatsika kwambiri kamalola mphamvu yochuluka kupita ku mabuleki akumbuyo. Mukaika masipuling'i ouma, galimoto yodzaza siitsika monga kale, kavalavuko kamayesa kuti mulibe kanthu, ndipo ntchito yaikulu yoimitsa tani yonseyo imagwera mabuleki akutsogolo. Amene akusinthirani masipuling'i mumufunse za kavalavuka musanamupatse ndalama. Akayankha mozemba, pitani kwina.

Ndiye pali ulendo wobwerera. Tikamaganiza za masipuling'i timaona vani yodzaza ikupita ku msika wa Soweto, n'kuiwala kuti theka la moyo wake imayenda yopanda kanthu. Pa msewu wafumbi wochoka pa phula kulowa kumidzi, vani youma kumbuyo imadumphadumpha ngati mbuzi, matayala osagwira bwino pansi, ndipo pokhota kumbuyo kumatha kutsetsereka. Amene amaweta nkhuku za mazira ndi amene amalima matimati amvetse bwino apa, chifukwa katundu wawo ndi wopepuka koma wosachedwa kuwonongeka. Matileyi 100 a mazira sakwana ngakhale makilogalamu 250. Sipuling'i yopangira matumba a feteleza siigonja ku katundu wotere, ndipo bampu iliyonse imafika m'dzira momwe.

N'chifukwa chake ife timakonda njira yapakati. Bwezerani masipuling'i a muyezo umene galimoto inabadwa nawo, ndipo ngati mumasenza zolemera kawirikawiri, onjezani lifi yothandizira, yochindikala, imene imakhala pansi pa zinzake osagwira ntchito kufikira katundu atapanikiza. Galimoto imakhala yofewa ikapepuka, yolimba ikalemera. Kwa mlimi amene lero wanyamula kabichi, mawa chimanga, mkuja mayi wapakati wopita kuchipatala, imeneyi ndiyo yoyenera.

Pokagula, nyamulani sipuling'i yakaleyo kapena muyeze kutalika kwake kuchoka pa diso lina kufika pa linzake, m'lifupi mwa lifi, ndi pamene pakhala bawuti ya pakati, popeza pa magalimoto ambiri siikhala pakati penipeni. Sinthani mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Mabawuti okhota amene amakumbatira ekiselo gulani atsopano, chifukwa akale anatamuka kale, ndipo muwamangenso mukayenda maulendo angapo oyamba. Mashoko okutha ndi mabushi ong'ambika asatsale, apo ayi sipuling'i yatsopano idzavina yokha.

Lifi yothyoka siiwotchereredwa. Moto umachotsa kukhwima kwa chitsulocho ndipo imadzathyokeranso pambali pa chipseracho. Ikakhala lifi yapamwamba ija, ekiselo imasuntha galimoto ili pa liwiro. Kukhotetsanso malifi otopa ndi nyundo n'kotsika mtengo, inde, ndipo kungakufikitseni kumapeto kwa nyengo, koma chitsulo chotopa sichichedwa kugonanso. Komanso oyeza magalimoto a RTSA amayang'ana pansi pa galimoto, osati utoto wokha.

Pa chimanga chopita ku depoti ya FRA, ngati matumba ndi 60, musavutitse vani. Gwirizanani alimi atatu kapena anayi mubwereke Canter, vani yanu itsalire ntchito ya m'dimba. Ndipo tsiku lomanga masipuling'i atsopano muimirire pomwepo: mabawuti a m'mabushi amamangidwa komaliza galimoto itatsitsidwa pa jeke n'kuima pa matayala ake, chifukwa akamangidwa ili m'mwamba mphirawo umapotoka ndipo suchedwa kung'ambika.